Khola la Nkhunda ku Kalomwe ndi Alendo Ake

Ku Kalomwe, pamene msewu wochokera ku Ulongwe umafika pa chipata cholowera ku Dedza, apaulendo amangoona matumba a mbatatesi ndi malole odikira mapepala. Mukapatuka n'kulowa m'midzi, kwezani maso. Kuseri kwa nkhokwe mupeza kanyumba kofolera udzu kali m'mwamba pa mapanda: khola la nkhunda. Kwa ine umisiri wake umaposa wa khola la ng'ombe, chifukwa ng'ombe amaitsekera ndi mipiringidzo, pamene nkhunda ili ndi mapiko ndipo palibe woitsekera. Ikabwera madzulo, yabwera mwa kufuna kwake.

Mmisiri amayambira pansi. Amasankha mapanda a mtengo wosafumbwa msanga, n'kuwawaula kumunsi kuti chiswe chisawadye, ndipo amakumba mozama popeza mwera wa kuno ku Angónia mu Juni ndi Julaye suseka ndi munthu. Chapakati pa phanda lililonse amakulungapo chidutswa cha lata. Khoswe akafika pamenepo amaterereka, likongwe chimodzimodzi. Pamwamba amayala nsungwi, kumanga ndi luzi, n'kugawa zipinda. Ena amapinda makungwa ngati mng'oma wa njuchi, ena amagoneka miphika yong'aluka imene amayi anaitaya. Khomo limafulatira mphepo, ndipo limakhala laling'ono, loti nkhunda ilowe mochita kuwerama koma kadzidzi alephere.

Zipindazo sizokongoletsa ayi. Nkhunda zimakhala ziwiriziwiri, ndipo yaimuna silola inzake pakhomo pake. Mukaphatikiza mabanja awiri, ndewu yake imaswa mazira. Yaikazi imaikira mazira awiri okha. Imafungatira usiku, yaimuna n'kuilandira dzuwa likakwera, mpaka masiku ngati 18. Maunda akaswa, makolo onse awiri amawalavulira kukamwa chakudya choyera chochokera m'chithokomiro, ndipo pakatha milungu inayi amakhala atanona. Woweta wodziwa ntchito amatengako ena a ndiwo, ena n'kuwasiya kuti khola lisathe. Zitosi amasesa n'kupita nazo kudimba.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi madzi. Nkhuku imajompha madzi n'kuloza mlomo kumwamba, koma nkhunda imamiza mlomo n'kumayamwa osadzutsa mutu. N'chifukwa chake phale losaya silikwanira. Akuluakulu amatenga mtondo wakale woduka, kuukhazika pamthunzi wa mtengo, osati pambalambanda pamene kabawi angatsike mwadzidzidzi, ndipo amautsuka m'mawa uliwonse asanawaze misere. Mukamva agogo akuuza mdzukulu kuti, "Iwe, wataya kodi madzi a dzulo aja?" dziwani kuti pakhomopo matenda a mbalame sakhalitsa.

Madzi amenewa ndiwo amaitana alendo. Njiwa zimatera, mpheta ndi apumbwa nawonso. Ndipo pamene mitengo ya masuku ndi maula inasiyidwa chiimire, zipatso zikayamba kukhwima dzinja lili pafupi, pamabwera zinkhwe. Zimamveka zisanaoneke, kulira kwake kwakuthwa, kuuluka kwake kwaliwiro kongolunjika. Chofala m'nkhalango za miombo ndi chimene akatswiri amati Poicephalus meyeri: chotuwa pamsana, chobiriwira pamimba, chachikasu paphewa. Sichithamangira pansi. Chimakhala kunsonga nthawi yaitali, kupendeketsa mutu, kuona ngati nkhunda zikudya mosatekeseka. Bata la nkhunda ndilo limachiuza kuti pakhomo pano palibe legeni.

Chikagwira chipatso, imani muonerere. Phazi lake lili ndi zala ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndipo limanyamula chipatso kupita nacho kukamwa, phazi linalo litagwira nthambi. Mlomo wokhotawo umasenda, lilime lonenepa likutembenuza, mpaka nthangala itakhala poyenera. Kenaka phwa! Nthawi zambiri mnofu chimaugwetsa pansi, chimene chikufuna ndi cha m'kati. M'khola sichilowa, popeza kwawo ndi m'mphako za mitengo ikuluikulu, kawirikawiri zimene anagoba gogomole.

Apa mpamene woweta amaonetsa kukhwima kwake. Chinkhwe n'chokongola, ndipo anyamata amadziwa kuti alipo ogula. Ulimbo suvuta kupeza. Koma munthu amene wakhala zaka akuphunzira kusunga mbalame popanda chitseko amadziwa kuti chinkhwe chogwidwa chitakula sichizolowera chikwere. Chimangokhala duu, china mpaka kudzizula nthenga. Iye amaletsa ana, amamanga galu, ndipo wootcha makala akabwera kudzagula msuku uja amamukaniza. Ndimamulemekeza pa chimenechi kuposa pa denga lake losadontha.

Zinkhwe sizinachuluke moti tingaziseweretse. Ku Liwonde National Park kuli tizinkhwe tating'ono tofiira kumaso, Agapornis lilianae, togona m'mphako za mitengo ya tsanya. Kafukufuku wa Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anaonetsa kuti tambiri tinkafa tikamwa m'zithaphwi zimene opha nyama mozemba ankathiramo poizoni. Kumtunda kuno chowopsa chachikulu ndi nkhwangwa, chifukwa mphako sizipezeka m'mitengo yaing'ono.

Inu amene mukuganiza zomanga khola chilimwe chino, pitani mukaone la akuluakulu musanadule nsungwi. Ndipo ngati pakhomo panu pali msuku kapena muula, musaudule. Khola mulimange pafupi nawo.