Cook Off: tinayamikira mphika, ndiwo osalawa

Mu June 2020, mliri wa Covid-19 utatitsekera m'nyumba kuno ku Mutare, filimu ya Cook Off inalowa pa Netflix. Inali yoyamba ya ku Zimbabwe kufika kumeneko, choncho kwathu ku Sakubva tinasonkherana ndalama ya intaneti n'kuunjikana pa laputopu ya mng'ono wanga. Agogo, amene anachoka ku Nyasaland ali mtsikana, anakhala kutsogolo atamva kuti mulinso Jesesi Mungoshi, Neria uja.

Nkhani yake ndi ya Anesu, mayi wolera yekha mwana, amene mwana wakeyo akumulembetsa mumpikisano wophika wa pa TV. Kumeneko akumana ndi Prince, ndipo chikondi chiyamba. Tendaiishe Chitima wasewera bwino Anesu: mantha ake ndi kudzikayikira kwake zimaoneka pankhope asanalankhule. Pamene ali ndi agogo ake, filimu imakoma ndithu.

Chimene chinandigwiritsa mwala ndi chikondicho. Filimu yachikondi yoseketsa imakoma ngati woonera akuda nkhawa kuti awiriwa mwina sakwatirana. Muno nkhawa imeneyo mulibe. Prince, amene wasewera ndi woimba Tehn Diamond, ndi wabwino poyamba, wabwino pakati, wabwino pomaliza. Mkazi wopikisana ndi Anesu ndi woipa basi, ngati fisi wa m'nthano. Ndinamwetulira kangapo, koma mtima sunagunde.

Nditawerenga zimene manyuzipepala analemba, ndinaona kuti ambiri ankayambira pamodzimodzi: filimuyi inayamba kujambulidwa ndi madola 8,000 okha, mu 2017, m'miyezi yomaliza ya ulamuliro wa Robert Mugabe, magetsi akuthimathima ndipo ndalama zikusowa m'mabanki. Zonsezi n'zoona, ndipo Tomas Brickhill, Joe Njagu ndi anzawo ayenera ulemu. Komatu imeneyi ndi mbiri ya mphika. Za kukoma kwa ndiwo analemba zochepa.

Nditanena zimenezi, mng'ono wanga anati, "Achimwene, inu simukonda dziko lanu." Ine ndikuona mosiyana. Mlendo ndiye amene timamuuza kuti chakudya chakoma ngakhale mchere waperewera; wapanyumba timamuuza zoona kuti mawa athire wokwanira. Tikamayamikira filimu chifukwa cha umphawi wa oipanga, tikuwauza kuti sitiyembekezera zambiri kwa iwo. Neria anthu amamukumbukirabe chifukwa anayambitsa mikangano m'mabanja pa nkhani ya kulanda chuma cha amayi amasiye. Palibe amene amafunsa kuti inadya ndalama zingati.

Ndemanga yachilungamo ndinaimva usiku womwewo. Filimu itatha, agogo anadzuka pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mtsikanayu kuphika amatha. Koma mnyamatayu, chimene wamukondera sindinachione."