Wailesi Pakhonde, Foni M'khutu: Nyimbo za Dzana ndi za Lero

Ku madrasa kumene ndimaphunzitsa kuli mnyamata wa zaka 9 amene watha masabata atatu akulimbana ndi Surah Al-Bayyinah. Akafika pakati amasokoneza ma ayah, n'kuyambiranso. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamumva kuseri kwa chipinda akuimba nyimbo ina imene yatchuka pa mafoni masiku ano. Anaiimba yonse osaphonya liwu ngakhale limodzi, anzake akumuombera m'manja. Mtima unandiwawa, ndipo ndinatsala pang'ono kumuitana kuti ndimukalipire. Chimene chinandibweza n'chakuti nanenso, pa msinkhu wangawu, ndikhoza kuimba "Lameki" ya Allan Namoko popanda wondikumbutsa, chonsecho palibe mwalimu amene anandikhazika pansi kuti andiphunzitse. Inalowa yokha ndili mwana, ndipo siinatulukenso.

Ana athu akuloweza nyimbo monga momwe tinalowezera ife. Zimenezo sitingaziletse ndi mkwapulo. Chimene tingachite ndi kufunsa mwachilungamo ngati zimene akulowezazo zikusiyana ndi zimene tinaloweza ife, ndipo ngati zikusiyana, kusiyanako kwagona pati.

Ndineneretu kuti nkhaniyi si fatwa. Ma ulama akhala akusiyana maganizo pa za zida zoimbira kwa zaka mazana ambiri, ndipo wofuna chigamulo apite kwa shehe wake. Ine ndikulemba za nyimbo zimene zimatipeza ngakhale tisanazifune: m'minibasi yochokera ku Liwonde, pa njinga yamoto ya kabaza, kuchigayo, padoko pamene amayi akudikira usipa. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira m'chaka cha 1111, analemba gawo lathunthu lokhudza kumvera nyimbo m'buku lake la Ihya Ulum ad-Din. M'menemo anakumbutsa kuti womvera aziyang'ana zinthu zitatu: nthawi, malo, ndi anthu amene akumvera nawo. Iye ankanena za kumvera kwa anthu ofunafuna Mulungu, koma miyeso itatuyi yandithandiza kuposa mikangano yonse imene ndamva pansi pa mtengo wa mango tikatuluka mu mzikiti tsiku la Ijumaa.

Tisanafike ku miyesoyo, tichotse kaye milandu iwiri imene akuluakulu timakonda kuwaimba achinyamata popanda umboni.

Mlandu woyamba ndi wakuti nyimbo za lero n'zobwera, pamene za kale zinali zathuzathu. Mbiri ikukana. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene timawatchula monyadira, ankaimba kwela, chamba chimene chinabadwira m'makwalala a Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, kumene anyamata monga Spokes Mashiyane ankaliza chitoliro chachitsulo. Pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi ana a Kachamba ku Blantyre mu 1967, anapeza anyamata atatenga nyimbo ya ku Joni n'kuiveka Chichewa. Beni amene timavina kuno ku Mangochi anachokera kugombe la Aswahili, dzina lakelo ndi mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba, ndipo mavalidwe ndi maguba ake anatengera asilikali. Taarab imene ena mwa makolo athu ankaikonda ndi ya ku Zanzibar, kwawo kwa Siti binti Saad amene anakajambula mbale zake ku Bombay mu 1928. Reggae ya Evison Matafale ndi Black Missionaries gwero lake ndi Jamaica. Agogo athu ankabwera kuchokera ku Wenela atasenza galamafoni. Ana athu akubwera kuchokera ku Joni komweko atanyamula sipika ndi amapiano. Njira ndi imodzimodziyo, kwasintha ndi katundu.

Mlandu wachiwiri ndi wakuti oimba akale anali oyera mtima kuposa a lero. Apanso tisamale. Kuyambira mu 1964 mpaka nthawi ya zipani zambiri, dziko lonse linkamvera nyumba imodzi youlutsira mawu, MBC, ndipo lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Bungweli silinkateteza makhalidwe okha, linkatetezanso olamula. Ndi nthawi imeneyo pamene nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa chifukwa cha dzinalo basi. Ukhondo wina umene timaukumbuka unali mantha. Tikamveranso bwino nyimbo zina zakalezo tipeza kuti mkazi ndiye ankasenza mlandu uliwonse wa m'banja, mwamuna n'kutuluka wosalakwa. Ndipo dziko limene linkavina nyimbo za Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo amene ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, linamusiya kuti amwalire wosauka mu 1995. Tikamalira dzana, tizilira ndi maso otsegula.

Komabe kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Tiyambe ndi malo. Kwathu kunali wailesi imodzi ya Nzeru, ndipo inkakhala pakhonde. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Ikalira, inkalirira onse: bambo akusoka ukonde, mayi akusankha mpunga, agogo ali pamkeka, ife ana tili chapatali, ngakhale apongozi akabwera kudzacheza. Woimba ankadziwa kuti mawu ake akagwera pabwalo lotere. Akafuna kunena za chikondi, za chigololo, za nsanje ya pamitala kapena za mfumu yodya ziphuphu, ankayenera kupeza njira yoti wamkulu amve, mwana asamve. Apa ndi pamene panakulira luso la kuphiphiritsa. Chining'a, mwambi ndi mkuluwiko zinali zida za ntchito monga momwe analili banjo ndi chisekese. Nyimbo imodzi inkakhala ndi zipinda ziwiri: mwana ankasewera pabalaza, wamkulu n'kulowa kuchipinda cham'kati. Pali nyimbo zimene ndinaimba ndili ndi zaka 10, koma tanthauzo lake ndinalimva nditakwatira.

Lero nyimbo imalowa m'khutu la munthu mmodzi kudzera pa kachingwe ka foni. Woimba sakuonanso agogo pamkeka, choncho alibe chifukwa chophimbira mawu. Zimene kale zinkafuna mizere inayi ya chining'a, lero zikutchulidwa ndi dzina lake m'mawu awiri. Ambiri akadandaula za zimenezi amaona kutha kwa manyazi kokha. Ine ndikuonanso kutha kwa luso. Kutchula chinthu poyera aliyense angathe. Kuchizungulira mpaka womvera achitulukire yekha kumafuna munthu wodziwa chinenero chake. Ndipo tsoka lake n'lakuti nyimbo yopekedwera khutu la munthu mmodzi siikhala m'khutumo. Imatulukira pa sipika ya kabaza, n'kugwera pabwalo lomwe lija pamene pali ana ndi apongozi, ilibe chovala.

Muyeso wachiwiri ndi nthawi. Nyimbo ya kale inali ndi nthawi yake komanso utali wake. Pa wailesi unkadikira pologalamu. Ukaiphonya, wadikira sabata ina. Makaseti atafala, munthu ankapita kwa O.G. Issa ku Limbe kapena kwa ogulitsa a m'misika, n'kugula chimbale chonse, ndipo ankachimvera mbali yoyamba mpaka kutha asanatembenuze. Woimba anali ndi mpata woyala nkhani: wakuti anachoka kumudzi, anafika m'tauni, anakumana ndi zakuti, mapeto ake anali akuti. Nyimbo inali nthano yokhala ndi mutu, thunthu ndi mchira. Ngakhale pamene Lucius Banda anatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, mu 1994, nyimbo ngati "Mabala" inkafuna kuti ukhale pansi uimvere yonse, chifukwa inkanena za zowawa zimene anthu anazisunga m'mimba zaka 30.

Nyimbo ya lero ikupikisana ndi chala chimene chikuthamanga pa galasi la foni. Ikapanda kugwira munthu m'masekondi oyambirira, chala chadutsa. N'chifukwa chake opeka ambiri akuika mphamvu zawo zonse pa kachidutswa kamodzi kobwerezabwereza, koti anthu avinire pa TikTok, mbali zotsalazo n'kungodzazamo mawu. Ife aphunzitsi a madrasa timaidziwa bwino mphamvu ya kubwereza, pakuti ndiyo khasu lathu. Mwana akabwereza ayah kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo, imakhazikika. Mnyamata wanga uja sikuti ali ndi mutu wouma. Surah amaimva kwa ine ola limodzi pa tsiku, pamene kachidutswa kaja kamamupeza panjira, pamsika, pampira ndi kunyumba kwa anansi, kuyambira Fajr mpaka Isha.

Nkhani ya Giddes Chalamanda ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Gogoyu anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, ndipo waimba moyo wake wonse. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala naye pansi n'kujambula naye nyimbo zake zakale m'mayimbidwe atsopano. Chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka "Linny Hoo" kanafalikira pa TikTok mpaka kumayiko amene sadziwa n'komwe kumene kuli Malawi. N'zokondweretsa kuti foni inafikitsa mawu a nkhalamba ya kumudzi kumene wailesi ya Nzeru siikanawafikitsa. Koma taonani chimene dziko linatola: masekondi ochepa ovinira. Ambiri mwa ovinawo sanadziwe kuti akumva bambo akuyamikira mwana wake wamkazi. Anatenga kamvekedwe, nkhani n'kuisiya.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti m'badwo uno ulibe chake chabwino. Kamvekedwe ka nyimbo zojambulidwa lero n'koyera kuposa makaseti athu aja. Kale wofuna kujambula ankayenera kukagogoda ku MBC kapena ku situdiyo ya Paul Banda ku Balaka. Lero mnyamata wa ku Makanjira kapena ku Chipoka akhoza kujambula pa kompyuta ya mnzake n'kutumiza pa WhatsApp tsiku lomwelo. Atsikana oimba achuluka, ndipo akuyankha milandu ija imene amayi awo ankangoisenza. Mwa oimba rap muli ena amene amaluka Chichewa mwaluso lodabwitsa, kusewera ndi mawu ofanana kamvekedwe monga ankachitira akuluakulu pa mlandu, ndipo amanena za ulova ndi kukwera kwa mitengo mosaopa bungwe lililonse. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wopanga okha, afika mpaka ku Ulaya ndi mayimbidwe omwe aja a makolo. Luso silinafe. Langosowa bwalo lolifunsa kuti lidziveke.

Apa tafika pa muyeso wachitatu, wa anthu omvera nawo, ndipo mlanduwu ukugwera ife makolo. Pamene tinkamvera wailesi pakhonde, nyimbo ikatha pankakhala ndemanga. Bambo ankatha kunena kuti woimbayu wanama, mayi n'kutsutsa, agogo n'kuponyapo mwambi. Osadziwa, tinkaphunzira kuti nyimbo ndi mawu a munthu, ndipo mawu a munthu amayesedwa. Mwana wa lero amamvera yekha, ndipo womusankhira nyimbo yotsatira ndi makina amene cholinga chake n'chakuti asaike foni pansi. Ife timangolowerera pofuna kulanda foniyo. Qur'an, mu Surah Al-Isra, imatichenjeza kuti makutu, maso ndi mtima zidzafunsidwa. Nanga mwana adzaphunzira kuti kufunsa khutu lake, ngati sanaonepo wamkulu akuyesa nyimbo pamaso pake?

Ngakhale m'nyumba mwathu momwe vutoli lalowa. Kaswida ndi ma nasheed ena atsopano akungotengera kamvekedwe ka nyimbo zotchuka, mawu atakonzedwa ndi makina mpaka osazindikira kuti akuimba ndani, uthenga wake mizere iwiri yobwerezedwa. Kuika dzina la Allah m'nyimbo yopekedwa mwaulesi sikuisandutsa yaluso. Amene anakula akumva amayi akuimba ndi dufu pa nikah, mmodzi akutsogolera ena akuvomera, akudziwa kuti tili ndi poyambira pabwino kuposa pamenepo.

Pempho langa kwa inu makolo anzanga a m'mbali mwa nyanja ndi laling'ono. Kamodzi pa sabata, mukatha kudya madzulo, muuzeni mwana achotse zam'khutu, aike foni pamkeka, ayatse nyimbo imene akuikonda kuti nonse mumve. Musayambe ndi kukalipa. Mufunseni kuti woimbayu akuti chiyani, akuuza ndani, ndipo kodi akunena zoona. Kenako inunso muyatse yanu ya Namoko, ya Robert Fumulani kapena ya Stonard Lungu, mulole kuti nayenso akufunseni mafunso omwewo. Mudzapeza kuti zina mwa zanu sizipirira mafunsowo, ndipo zina mwa zake zipirira. Kuongola mtengo m'poyamba, koma woongola amayenera kuugwira mtengowo ndi manja.

Mnyamata uja ndinamuitana tsiku lotsatira, anzake atapita. Ndinamuuza kuti andinenere mawu a nyimbo ija pang'onopang'ono, popanda kuimba, monga momwe amanenera phunziro. Ananena mzere woyamba, n'kunena wachiwiri. Atafika pa wachitatu anaima, nayang'ana pansi, n'kuyamba kukanda mkeka ndi chala. Ndinamufunsa ngati waiwala. Anapukusa mutu, nati: "Ayi mwalimu, koma sindinganene pamaso panu." Anali ataiimba kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndi limene anaimva koyamba. Ndinamuuza kuti atsegule Juzu Amma, tinayambiranso Al-Bayyinah kuchokera pa ayah yoyamba.