Chiseko m'Mabuku a Samuel Ntara

Dzina la Samuel Ntara (1905-1976), mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, limatchulidwa mwaulemu monga la mkulu wosunga mbiri. Ulemuwo ngwoyenera, pakuti ndiye analemba Mbiri ya Achewa. Koma waphimba mphatso yake ina, ndiyo yoseketsa. Ophunzira ambiri amatsegula mabuku ake atakwinya nkhope ngati akulowa pa bwalo la milandu, motero chiseko chimawapitirira.

Buku lake lotchuka ndi Nthondo, limene linapata mphotho mu 1933 pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 nalitcha Man of Africa. Nkhani yake njodziwika: mwana wosamva ndi wakuba akula, apita kukafuna nchito ku maiko a kumwera, abwerera, alowa ufumu, potsiriza asanduka Mkristu. Ambiri amathamangira ku mapeto amenewa chifukwa ndiko kuli phunziro. Komatu mchere wa bukuli uli pa unyamata wa Nthondo. Pamenepo mlembi afotokoza zopulupudza za mnyamatayo mosapupuluma, monga nkhalamba yosimba nthano pa moto madzulo. Wowerenga aseka, ndipo chiseko chisanathe azindikira kuti akuseka mbale wake, kapena iye mwini. Nthondo atatembenuka mtima, nkhani iyamba kuzizira, pakuti mlaliki wakula kuposa mmisiri wa nthano.

Buku la Nchowa, la mu 1949, limene mwini nkhani wake ndi mkazi, silidziwika kwa ambiri. Chimodzimodzinso Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Wowapeza awayese ndi muyeso womwewo: ndi pati pamene Ntara alola anthu ake kulankhula ndi kulakwa mwa iwo okha, ndipo ndi pati pamene awalanda mau kuti alalike?

Mphunzitsi wotumidwa ku Mchinji ali ndi mwai pa nchito imeneyi. Ana a kumeneko amamva chinenero chimodzi mbali zonse ziwiri za malire, kufikira ku Chipata, ndipo za abale opita kutali kukafuna ndalama si zachilendo kwa iwo. Amadziwanso zirombo za gule wamkulu zimene zimadzudzula ulesi, kuledzera ndi chiwerewere mwa kuseketsa anthu pa bwalo. Mwambo wolangiza mwa chiseko anaudziwa kale asanaone buku.

Chifukwa chake mphunzitsi awerenge Nthondo mokweza, asinthe mau monga mwa munthu wolankhulayo, ndipo asatontholetse kalasi likaseka. Phunziro asalitchule poyamba; afunse ana chimene chawaseketsa, ndipo adzalitulutsa okha. Mwana amene waseka ndi buku la m'chinenero chake adzafuna lina; amene wangolipira nalo mayeso adzalitseka osalitsegulanso.