Fungo la mabanzi m'njira za ku Kuku

Ndimayamba kumva fungo lake ndisanamuone. Nthawi isanakwane 6 koloko m'mawa, ndikamatuluka mu Kuku, kuno ku Lusaka, kulowera ku Kafue Road, mpweya umakhala wa utsi wa mbaula, madzi a m'ngalande ndi fumbi. Kenako pakona pena mphuno imagwira china: mabanzi otentha, ndi kafungo ka shuga wopserera pang'ono pamwamba pake. Apo ndimadziwa kuti mdala uja wonyamula mabanzi panjinga ali patsogolo panga, ndipo ndimaleka kutchova mwamphamvu kuti ndisamupitirire.

Njinga yanga ndi ija ya m'mapiri, ya salaula, ya magiya ambirimbiri ndi masipuling'i kutsogolo, mtundu womwe anzathu amakasewera nawo m'tinjira ta m'tchire ku Leopards Hill Loweruka. Yake ndi Buffalo ya giya imodzi, buleki yake yopondera m'mbuyo, ija opanga ake amati kaliyala yake imasenza makilogalamu 100. Komatu kulemera si vuto la mdalayu. Mabanzi ndi opepuka. Vuto lawo ndi kufewa, ndiponso kutalika kwa mulu wa makireti, umene umapitirira mutu wake akakhala pachishalo.

Wa malasha, monga timatchulira makala kuno, amakoka legeni mpaka thumba kulira, ndipo palibe chimene chimawonongeka. Wa mabanzi sangatero. Banzi lotentha ukalipsinja silidzukanso, limakhala chiphwatalala mpaka madzulo, ndipo mayi wa pakantemba salilandira. Ndaonapo mdalayu akumanga katundu wake kuseri kwa kabekale kena. Pakaliyala anakhomerapo thabwa kuti kireti yapansi ikhale pamalo otakata. Yodzaza kwambiri amaiika pansi, pamwamba penipeni pa gudumu, osati kulendewera kumbuyo kumene ingatukule gudumu lakutsogolo. Malegeni ake, odulidwa ku chubu chakale cha galimoto, amadutsa m'mphepete mwa makireti basi, awiri mopingasana, lachitatu mozungulira pakati. Palibe legeni limene limakhudza banzi. Akamaliza amagwira mulu wonse ndi dzanja limodzi n'kuugwedeza. Ukagwedezeka pamodzi ndi njinga ngati chinthu chimodzi, amakwera. Ukagwedezeka pawokha, amamasula n'kuyambiranso, ngakhale nthawi itamuthera.

Fungo lija limachokera pa kaphimbidwe. Tsiku lina ndinamupeza ataima, ndinamulonjera kuti, “Mwauka bwanji, ba mudala?” kenako ndinafunsa chifukwa chake saphimba ndi pulasitiki pamene fumbi lili chonchi. Anandiyang'ana monga munthu amayang'anira mwana wofunsa chinthu chodziwika, n'kundiuza kuti banzi lotentha limapuma, ukalitsekera limachita thukuta. N'zoonadi. Nthunzi ikasowa potulukira imasanduka madzi, khungu la banzi limanyowa n'kumata, ndipo nkhungu imabwera msanga. Iye amayala chitenje chochapa bwino pamwamba n'kuchipisa pansi pa legeni, kuti fumbi litsale kunja koma nthunzi idutse. Nthunzi imeneyo ndi imene ine ndimaitsata. Pulasitiki amakhala nayo ndithu, yopindidwa pansi pa chishalo, koma imatuluka mvula ikayamba kudontha, ndipo ikangokata amaichotsa.

Tsono kayendetsedwe. Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu, ndipo kuno ku Kuku ndi ku Misisi mwalawo umatulukira pakati pa njira ngati mano. Maenje amene anthu anakumbamo miyala, monga Ngwenya, anasanduka madamu. Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale madzi amaima m'njira masiku ambiri, osaonetsa chimene chili pansi. Mdalayu njira anaisunga m'mutu. Pachithaphwi china amalowera kumanzere, pafupi ndi khoma la nyumba mpaka chigongono kutsala pang'ono kukhudza, chifukwa pakati pali dzenje. Pachina amadutsa pakati penipeni, poti pali msana wa mwala. Ndinayesapo kusankha njira yanga tsiku lina, podalira masipuling'i aja, ndipo ndinakafika kuntchito thalauza lili matope mpaka m'mawondo.

Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti sachita chilichonse mwadzidzidzi. Buleki amayamba kuiponda ali patali, pang'onopang'ono, chifukwa mulu wautali ukaimitsidwa mwamphamvu umafuna kupitirira wokha. Pokhota sapendeketsa njinga monga timachitira ife. Amatenga kona yonse motakasuka, njinga ili chilili, mapewa ndi amene amapendekeka. Pamwala amadzuka pang'ono pachishalo, mawondo n'kulandira kugunda kumene kukanafika ku mabanzi. Mwana akadumphira m'njira, kapena galu, saliza belu mokalipa, amakhala atamuona kale ndipo liwiro analichepetsa kale. Ndikamuyang'ana kumbuyoko, kireti yapamwamba imayenda mosalala ngati ndowa pamutu pa mayi wochokera kukatunga madzi, pamene magudumu pansipo akulimbana ndi miyala.

Alipo ena amene ndimakumana nawo m'mawa. Mnyamata wina wa yunifolomu ya ulonda amasiya fungo la sopo ndi mafuta odzola, wa nthochi amasiya lake, wa kapenta naye ndiye osanena. Koma amenewo fungo limangowatsata, sanalikonze.

Pakantemba komaliza tisanafike pamsewu waukulu, mdala amatsika, n'kuyedzamiritsa njinga m'chiuno mwake m'malo moiimika pasitandi, amamasula legeni limodzi lokha n'kutsitsa kireti yapamwamba. Mayi wa pamenepo amatukula chitenje, amadina banzi limodzi ndi chala, limabwerera, ndiye amayamba kuwerenga. Ine ndimagula awiri, akadali ofunda, n'kuwaika m'thumba la jekete. Ndikangokwera phula la Kafue Road, utsi wa maminibasi umakwirira zonse.