Cigoba copanda mwini mzinda

Pa wailesi timatsegula mafoni kuti anthu akambirane za mtengo wa mbatatesi, za feteleza, za msewu wopita ku Ulónguè. Koma masiku ano oimba ambiri amabisa dzina, nkuyamba kutukwana amene wangolankhula: uyu ndi mbuli, uyu adagulidwa ndi cipani, uyu ngwa ku Malawi, atseke pakamwa. Ndikadula foni yotere, amati ndawalanda ufulu, poti kunyozana nkwa makolo.

Nzoona, msuweni amakunena pagulu, adzukulu amacita nthabwala pamaliro, ndipo gule wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amavina monyodola cidakwa ndi waulesi. Komatu onsewa ali ndi malire. Msuweni umamudziwa, mawa umubwezera nonse mukuseka. Cilombo cikapyola muyeso, mlandu umagwera mfumu mwini mzinda. Wobisa dzina pa foni wavala cigoba, koma palibe womuyankhira mlandu.

Cimandiwawa ncakuti amayi ndi nkhalamba ayamba kuleka kuimba. Amene akudziwa kuti mjigo udafa liti wakhala cete, mphepo yatsala ndi aphokoso, mjigo ukadali wakufa.

Nanga “wa ku Malawi” casanduka citonzo liti? Nkhondo isanathe mu 1992, amene adatipatsa pogona ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi omwewo, ena ndi amalume athu enieni.

Tsutsani, abale, ngakhale ine nditsutseni. Koma yambani mwachula dzina lanu ndi mudzi wanu, monga pabwalo la mfumu.