MASEWERO ATATU PA NKHATA BAY

Pa Nkhata Bay pali kagulu ka anyamata ndi atsikana, osapitirira khumi ndi awiri, amene m'chilimwe chapitachi anaonetsa masewero atatu pa bwalo la mchenga kufupi ndi msika. Nyumba ya zisudzo alibe. Chotchinga chawo ndi zitenje ziwiri zomangirira ku mtengo wa mango, ndipo nyali yawo ndi dzuwa. Likapendeka, amafulumiza mawu. Ndinaonerera onse atatu. Ndikulemba izi osati pofuna kuwafooketsa ayi, koma chifukwa kungowaombera m'manja ngati ana a sukulu ya mkaka kukanakhala kuwapeputsa.

Sewero loyamba linali la kolera, ndipo palibe angadabwe, pakuti boma lino linalira maliro ndi mliri wa mu 2022. Linayamba bwino ndithu. Panali msodzi wa usipa, bambo wouma mutu, amene ankati nyanja ndi yaikulu, munthu mmodzi sangaidetse. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa aliyense anaona mwa iye mlamu wake, kapena iye mwini. Koma mwana wa msodziyo atadwala, kunatulukira mtsikana wovala zoyera, naima pakati pa bwalo, nayamba kuwerenga malamulo a ukhondo, loyamba mpaka lachisanu. Sewero linafera pomwepo. Amayi anayamba kubereka ana ndi kukutumula zitenje. Lachiwiri, la mtsikana wokwatiwa akali wamng'ono, linatsata njira yomweyo. M'malo mwa namwino munabwera mfumu.

Malangizo a namwino uja anali oona, ndipo kuphunzitsa ndi zisudzo si kwachilendo m'dziko muno. Mu 1981 Travelling Theatre ya ku Chancellor College inakasewera ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, ndipo kuyambira 1985 David Kerr, Chris Kamlongera ndi ophunzira awo ankachita masewero a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde. Luso lawo linali lakuti nkhani ikafika pothina, wosewera ankatembenukira kwa oonerera nawafunsa chochita, mudzi n'kuyamba kukangana wokha za chitsime chake. Yankho linkachokera kwa eni vuto. Achinyamata athuwa atengako mitu ya nkhani, koma funso lija alisiya. Chifukwa chake sichobisika: masewero awiriwo analipiridwa ndi bungwe lina, lomwe linapereka ndalama pamodzi ndi pepala la mfundo zoti zinenedwe zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe.

Palinso china chimene chinandiwawa koposa. M'masewero onse awiri, munthu wanzeru ankalankhula Chichewa chothira Chingerezi, pamene wouma mutu, chidakwa ndi nkhalamba yosamva ankalankhula Chitonga. Mwana wa Chitonga wokhala pa mchenga paja anaphunzira phunziro lachisanu ndi chimodzi, lomwe silinali pa pepala: kuti chinenero cha agogo ake n'choseketsera anthu. Ndikudziwa kuti inenso ndikulemba m'Chichewa, chomwe chinasankhidwa mu 1968 kukhala chinenero cha dziko lonse. Koma magazini imawerengedwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Bwalo lija linali la anthu a pano.

Sewero lachitatu analipeka okha, popanda wowalipira, ndipo ndilo landilembetsa nkhani ino. Mtchona akubwerera kuchokera ku Joni patatha zaka makumi awiri, ali ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chosatha. Nkhaniyi njakale kuno. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anachokera ku Chifira m'boma lomwe lino, ndipo kufikira lero ndi mabanja owerengeka amene alibe wawo kumwera. Chiyambi cha sewerolo chinatalika, ndipo mnyamata wina anataya nthawi potsanzira Izeki ndi Jakobo, ngati kuti John Nyanga ndi Eric Mabedi angabwerekedwe monga khasu. Koma kenaka mkazi wa mtchonayo, amene analera ana yekha ndi chinangwa ndi malonda a nsomba, anamuikira kondowole, namuthirira madzi osamba m'manja monga mwa mwambo, nakakhala pansi chomufulatira. Sanalankhule. Bamboyo anatema mbamu, naigwira m'manja, osaifikitsa kukamwa. Bwalo lonse linati zii, ngakhale ana. Mayiyo atatsegula pakamwa, m'Chitonga, anangofunsa ngati akukumbukira dzina la mwana amene anamwalira iye kulibe. Sewero linathera apo. Sikunabwere namwino, mfumu, kapena wansembe. Pobwerera ndinamva amuna ndi akazi akutsutsana mu msewu wonse, ena akuti amulandire, ena akuti abwerere komwe anadyera unyamata wake.

Mtsikana amene anasewera mayiyo anatenga kukhala chete kuja kwa amayi a m'mudzi mwake, osati m'buku. Ndiponso anthu a m'mbali mwa nyanja ino sanayambe lero kusewera. Malipenga, ndi mfumu yake, asilikali ake ndi dokotala wake, ndi sewero lathunthu lomwe makolo anapeka ataona perete wa atsamunda. Kamlongera yemwe uja analemba za guleyu ngati chisudzo mu 1986.

Tsono ndifunse chimene ndinawafunsa eni akewo. Kuchokera pa bwalo lawo kukafika pa doko pamene pamaima Ilala ndi ulendo wa mphindi zochepa. Pa doko limenelo, pa 3 Malichi 1959, tsiku lomwe Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti a Nyasaland African Congress amangidwe, khamu linasonkhana kufuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anaombera. Kafukufuku wa Devlin anawerenga anthu 20 ophedwa. Eni dera amawerenga 31. Chaka ndi chaka timamva zolankhula za akuluakulu ndi kuona nkhata za maluwa. Koma mayi amene anaphika nsima tsiku limenelo, nadikira, ndani anamuonetsapo? Amene anali ana pamenepo apitirira zaka 70, ndipo mawu a akulu amakoma akagonera pokhapo ngati alipo wina amene anawamva.

Mtsogoleri wa kaguluko, mnyamata wosoka maukonde, anandimvetsera mwaulemu. Anati agogo ake aakazi analipo pa doko tsiku lija, ndipo akali moyo ku Chintheche. Kenaka anandifunsa amene angawalipirire minibasi yopita kumeneko, pakuti chipewa chimene anayendetsa pa sewero lachitatu sichinakwane ngakhale sopo wochapira zitenje zija.