Chilembo Chimene Chinalowerera mu "Bridegroom"

Kufufuza kumene mawu anachokera ndi luso, koma ambiri alisandutsa mpikisano wa nthano. Amene wapeka nkhani yokoma ndiye amaomberedwa m'manja. N'chifukwa chake mpaka lero timauzidwa kuti "honeymoon" inayamba chifukwa akwati akale ankamwa mowa wa uchi mwezi wathunthu, nkhani yopanda umboni m'zolembedwa zakale. Zoterezi zimandinyansa.

Mmisiri weniweni amayamba ndi mafunso awiri: kodi liwuli linkalembedwa bwanji kale, nanga abale ake m'zilankhulo zina amati chiyani? Taonani "bridegroom", liwu la Chingerezi lotanthauza mkwati. Masiku ano "groom" ndi munthu wosamalira mahatchi, choncho opupuluma amangoti mwamuna ankatengedwa ngati wantchito wa mkazi wake. Bodza lenileni! M'Chingerezi chakale, chimene chinkayankhulidwa ku England asanalowe Anormani mu 1066, liwuli linali "brydguma". "Guma" anali mwamuna basi, ndipo ndi pachibale ndi liwu la Chilatini lakuti "homo". Pambuyo pa g panalibe r.

Apa ndiye pamene lusoli limatsekemera. Itanani mboni. Ajeremani amati "Bräutigam", Adatchi ndi oyankhula Chiafrikansi ku South Africa amati "bruidegom", a ku Sweden amati "brudgum". Onsewa alibe r kumapetoko. Abale akagwirizana chonchi, amene wasiyana ndi anzake ndiye anasintha. Chinachitika n'chakuti "guma" anafa m'Chingerezi, n'kutsalira m'liwu limodzi lokhali. Anthu a m'zaka za m'ma 1500, posamvetsa chidutswa chachilendocho, anachikhotetsa kuti chifanane ndi "groom", limene panthawiyo linkatanthauza mnyamata kapena wantchito wamwamuna. Chilembo chimodzi chokha chikuulula mmene anthu amakonzera liwu limene aiwala tanthauzo lake. Kodi nthano yopeka ingapose zimenezi?

Njira imeneyi ndi imene inamanga Oxford English Dictionary, mtanthauziramawu amene anayamba kutuluka mu 1884 motsogoleredwa ndi James Murray ndipo anamalizidwa mu 1928. Liwu lililonse linaikidwa pamodzi ndi ziganizo zakale zimene linapezekamo, chilichonse ndi chaka chake. Ongoganizira potengera kufanana kwa kamvekedwe, amenewo sindiwawerengera n'komwe.

Choncho wina akakuuzani kumene liwu linachokera, mufunseni kuti linalembedwa m'buku liti, chaka chiti. Akalephera kuyankha, dziwani kuti wakusimbirani nthano chabe.